Kakhadi ka katemera kanatuluka m'sutikesi: zokambirana pa gulu la Ana a ku Mchinji

Bambo a Yankho (Kamwendo): Mwaswera bwanji abale. Dzulo ndimafunafuna mtchatho wa ukwati m'sutikesi, m'malo mwake ndinavundukula kakhadi kanga ka katemera wa Covid. Kapindikapindika, inki yayamba kufufutika, koma madeti akuwerengekabe. Woyamba ndinabayitsa kumapeto kwa Malichi 2021, poti ine ndi wa shuga. Pamzere wachiwiri analemba ndi pensulo kuti ndidzabwerenso mu Juni. Ndinapita maulendo awiri, kutseka golosale, kungouzidwa kuti katemera watha dziko lonse. Wachiwiriyo ndinadzabayitsa mu Ogasiti. Ndiye usiku wonse ndakhala ndikudzifunsa: kodi nthawi ija anatichedwetsa ndi eni ake katemera, kapena tinadzichedwetsa tokha? Ndikufunsa chifukwa matenda ena adzabwera ndithu, ndipo sindikuona chimene chasintha.

Wakabaza wa pa Boda: Madala, funso limenelo ndi losavuta. Ife tinawotcha katemera dziko lonse likuonerera pa TV. Munthu wotaya nsima kudzala alibe pakamwa ponena kuti akumanidwa.

Mlimi wa Soya: Apo wanena zoona amwene. Ndimakumbuka utsi uja.

Alangizi a Zaumoyo: Achimwene a kabaza, utsi munauona, koma madeti simunawaone. Ine ndinali m'gulu lobaya, ndiye ndiloleni ndiyale bwinobwino.

Katemera woyamba anatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 5 Malichi 2021, madozi 360,000 a AstraZeneca opangidwa ku India, kudzera mu COVAX. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anabayitsa ku Zomba pa 11 Malichi. Dziko la anthu pafupifupi 19 miliyoni, katemera wofunika kubaya kawiri, ndiye kuti anali wokwanira anthu 180,000 basi. Ngakhale a Mchinji okha sakanatikwanira.

Amene anawotchedwayo ndi wina. Anachokera ku African Union, madozi 102,000, anafika pa 26 Malichi, pabotolo palembedwa kuti atha mphamvu pa 13 Epulo. Werengani ndi zala: masiku 18. M'masiku 18 amenewo katemera achoke ku Lilongwe, afike m'maboma, agawidwe m'zipatala zing'onozing'ono, ife tiitane anthu, anthuwo avomere. Tinabaya pafupifupi 80,000. Otsala, 19,610, ndi amene anawotchedwa pa 19 Meyi, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Khumbize Kandodo Chiponda, ili pomwepo. Anawotcha poyera dala, chifukwa mphekesera inali itafala kale kuti tikubaya anthu katemera wosukuluka, ndipo anthu anayamba kuthawa ngakhale wabwinobwino uja.

Munthu akakupatsa mkaka wotsala tsiku limodzi kuti usase, iwe n'kumwa makapu anayi mwa asanu, amene walakwa ndi iwe wekha?

Wakabaza wa pa Boda: Achemwali mwabwera ndi kalenda yonse kkkk. Koma anthu ankakana ndithu, zimenezo musabise. Ineyo ndinanyamula amayi ena pa njinga akulira, ati mwana wawo wabayitsa 666.

Alangizi a Zaumoyo: Sindikubisa. Ankakana. Wina anabwera ndi supuni kudzaiika paphewa panga kuti aone ngati imata ngati maginito. Koma muone izi: mu Juni, imfa zitayambanso kuchuluka, anthu omwe aja anabwera okha kudzaima pamzere. Firiji inali pululu. Pamene katemera analipo anthu anali ndi mantha, pamene mantha a matenda anaposa mantha a jakisoni katemera kunalibe. Bambo a Yankho anagwa m'dzenje limenelo.

Mjoni: Ndiwonjezere pang'ono pa masiku 18 aja. Katemera ameneyo anayamba wagona kuno ku South Africa. Boma la kuno linagula madozi 1 miliyoni, kenako mu Febuluwale 2021 linaimitsa kubaya, kafukufuku ataonetsa kuti sagwira bwino pa mtundu wa kachilombo umene unali kuno. Ndiye anagulitsidwa ku African Union n'kugawidwa m'mayiko. Pofika kwathu anali atadya kale masiku ake ali m'nyumba ya wina.

Wa ku Leeds: Abale anga, ine nkhani imeneyi imandiwawa mwanjira ina. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England. Munthu woyamba kubayidwa katemera wa Pfizer kuno anali gogo wina, Margaret Keenan, pa 8 Disembala 2020. Ife osamalira okalamba tinali kumayambiriro kwa mzere, moti ine ndinabayitsa mu Januwale 2021. Sabata yomweyo ndi imene kwathu nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. M'Malawi munalibe ngakhale botolo limodzi.

Pofika kumapeto kwa chaka ndinali nditabayitsa katatu. Mayi anga ku Mkanda, a zaka za m'ma 70, a BP, anali atabayitsa kamodzi kokha. Ine mnyamata wamphamvu zanga katatu, iwo kamodzi. Tsiku lomwe ndinalandira meseji yoti ndipite kukabayitsa wachitatu ndinakhala m'basi ndikuyang'ana foni, ndikuganiza kuti akanalola ndikanauika mu enivelopu. Ndinapita kukabayitsa, sindinama, chifukwa kukana kwanga sikukanaufikitsa ku Mkanda. Koma manyazi ake sanandichoke.

Mlimi wa Soya: Pepani achimwene. Koma tiyeni tinene chilungamo, tisamangokonda kudandaula. Njala ikagwa, bambo amayamba wadyetsa ana ake. Maboma a azungu aja anasankhidwa ndi anthu awo, ndalama zofufuzira katemera zinachokera ku misonkho ya anthu awo. Ife tinasonkhapo chiyani? Tikanakhala ife tinapanga, bwenzi titayamba kutumiza ku Chipata tisanabaye a kwa Mavwere?

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga wa soya, funso lako ndi labwino, ndipo sindikufuna kulinyoza. Inde, bambo amayamba ndi ana ake. Palibe mfumu ingamuzenge mlandu pa chimenecho.

Koma ine ndinaona njala ya 2002 ndi maso angawa. Panali anthu a mitundu iwiri amene anali ndi chimanga. Wina anasunga chokwanira banja lake mpaka kukolola, ndipo sitinamunene. Wina anagula chimanga chonse cha pamsika chisanakwere mtengo, nkhokwe zitatu, pakhomo pali anthu asanu, china mpaka kufumbwa, anzake akudya zitsa za nthochi. Ameneyo mpaka lero dzina lake limatchulidwa ndi kamwa lopotoka.

Mayiko olemera anali a mtundu wachiwiriwu. Anakalipira katemera asanapangidwe n'komwe, kumakampani angapo nthawi imodzi. Canada inasungitsa wokwanira kubaya anthu ake onse kangapo konse. Mu Januwale 2021 Tedros, mkulu wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ananena poyera kuti madozi oposa 39 miliyoni anali atabayidwa m'mayiko olemera 49, pamene dziko lina losauka linali litalandira madozi 25. Osati 25,000. Madozi 25, ochepa kuposa ana a m'kalasi imodzi. Mu Ogasiti chaka chomwecho WHO inapempha kuti ayambe aima kaye kubaya wachitatu mpaka anamwino ndi okalamba a m'mayiko osauka alandire woyamba. Sanamvere.

Ndiye funso lenileni si lakuti ayambe ndani. Funso ndi lakuti, mwana wako wa zaka 25 wopanda matenda alandire kachitatu, namwino wa ku Kapiri amene akugwira odwala tsiku ndi tsiku asanalandire koyamba? Pamenepo si kudyetsanso ana ayi.

Make Tadala: Agogo mwalankhula. Koma ine sindimvetsa, COVAX yomwe mukuitchulayo si inali yoti izigawa mofanana? Inalephera pati?

Wa ku Leeds: Maganizo ake anali abwino, achemwali. Ankaitsogolera a WHO ndi mabungwe awiri oona za katemera, Gavi ndi CEPI, a UNICEF n'kumanyamula katunduyo. Zinali ngati banki m'khonde: mayiko onse asonkhe pamodzi, agule pamodzi, aliyense alandire wokwanira anthu 20 mwa 100 alionse poyamba, ndipo mayiko osauka 92, Malawi ali momwemo, alipiriridwe. Vuto ndi loti mamembala olemera aja anasonkha m'bokosi kutsogolo, kuseri n'kukagula okha mwachindunji kufakitale. COVAX pofika ndi ndalama zake inapeza mzere watalika kale. Inalonjeza madozi 2 biliyoni pofika kumapeto kwa 2021, koma 1 biliyoni yoyamba inakwana mu Januwale 2022.

Chinanso, inatsamira kwambiri pa fakitale imodzi, Serum Institute of India. Matenda atavuta ku India mu Malichi ndi Epulo 2021, mitembo ikuwotchedwa m'mabwalo oimika magalimoto, boma la India linaletsa kutumiza katemera kunja. Juni wa Bambo a Yankho uja anachokera pamenepo.

Mlimi wa Soya: Mwaonatu! India nayo inayamba ndi ana ake. Bwanji iyo simukuinena?

Aphunzitsi Opuma: Chifukwa nyumba yake inali ikupsa, mwana wanga. Wokana kukubwereka ndowa nyumba yake ikuyaka ndi wosiyana ndi wokhala pa ndowa khumi moto atazimitsa kale. Cholakwa chinali kuika mudzi wonse pa chitsime chimodzi.

Wakabaza wa pa Boda: Ine chomwe chinandipweteka si katemera, ndi boda. Ntchito inafa pa Mwami, amayi a geni osawoloka, ife kumangowodzera pa njinga.

Mjoni: Nkhani ya maboda usaiyambe aise, ndipsa mtima. Novembala 2021, madokotala a kuno ndi a ku Botswana anapeza mtundu watsopano wa kachilombo, Omicron, n'kuuza dziko lonse mwachangu, monga mmene amafunira. Malipiro ake? M'masiku ochepa ndege zinaletsedwa. America inatseka mayiko 8 a kuno kummwera, Malawi ali pamndandanda. Britain nayo inatiika pa mndandanda wofiira. Kachilomboko kanali katapezeka kale ku Ulaya, koma a ku Ulaya sanatsekeredwe. Katemera anatimana, kachilombo katasintha anatitsekera pakhomo ngati ndife tinakaphika.

Bambo a Yankho (Kamwendo): Nanga bwanji sitipanga tokha? Ndimamva kuti katemera pafupifupi yense amene amabayidwa mu Africa ndi wochokera kunja.

Mjoni: Pafupifupi 99 mwa 100 alionse, madala. Ndipo pali nkhani ina yoseketsa koma yomvetsa chisoni. Ku Gqeberha kuno ku South Africa kuli kampani ya Aspen imene inkathira katemera wa Johnson & Johnson m'mabotolo. Mu 2021, ife tili pamzere, ena mwa mabotolo amenewo ankakwera ndege kupita ku Ulaya, chifukwa mwini katundu ndi amene amanena kopita. Anthu atakuwa, zinasintha, Aspen inapatsidwa chilolezo chogulitsa m'dzina lake. Mu 2022 inapezeka ilibe oda ndi imodzi yomwe. Nthawi imeneyo zopereka zinali zitasefukira, aliyense akutaya zotsala zake kuno, ndiye ndani akanagula?

South Africa ndi India anapempha ku WTO, bungwe la zamalonda padziko lonse la ku Geneva, mu Okutobala 2020 kuti malamulo oteteza umwini wa kapangidwe ka katemera aimitsidwe kaye mliri uli mkati, kuti aliyense wotha kupanga apange. Anakambirana miyezi 20. Chimene anagwirizana mu Juni 2022 chinali kachidutswa chabe ka zomwe zinapemphedwa, maliro ambiri atachitika kale.

Mlimi wa Soya: Koma ngakhale akanakupatsani pepala la kapangidwe, mukanapanga? Katemera si kachasu woti mbiya ndi mpope basi.

Mjoni: Kkkk si kachasu inde. Pamafunika anthu odziwa, makina, magetsi osazimazima, ndi bungwe loyesa lomwe dziko lonse lingalikhulupirire. Pepala lokha silikwanira, apo ndikuvomera. Koma usaganize kuti luso kulibe. Ku Dakar ku Senegal, Institut Pasteur yakhala ikupanga katemera wa yellow fever kwa zaka zambirimbiri. Ku Cape Town a kampani ya Afrigen anapanga katemera woyeserera wa mtundu wa mRNA, ngati wa Pfizer uja, potsata zimene zinali zitasindikizidwa poyera, eni ake osawathandiza. African Union inadziikira kuti pofika 2040, katemera 60 mwa 100 azipangidwa kuno. Chondidetsa nkhawa ine ndi chomwe chinagwera Aspen: fakitale ikamangidwa, maboma athu adzagula wa kuno ngakhale utakwererapo mtengo pang'ono, kapena adzathamangira wotchipa?

Admin: Abale, amene mwaponya chithunzi cha nkhumba zogulitsa pakati pa nkhaniyi, chonde dikirani Loweruka, ndi tsiku la malonda. Pitirizani.

Alangizi a Zaumoyo: Inu mukukamba za Geneva ndi Cape Town, ine ndikubwezeni kuno kwathu, chifukwa kusagawana bwino sikuthera pa bwalo la ndege. Kumapitirira mpaka kumudzi.

Katemera wambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuchokera kufakitale mpaka paphewa. Akatentha wafa, ena akaundana afanso. Wa Pfizer poyamba ankafuna kuzizira kwa madigiri 70 pansi pa ziro, firiji yake sungaipeze pachipatala chaching'ono. N'chifukwa chake ife tinkakonda AstraZeneca, kenako Johnson & Johnson wobaya kamodzi uja atabwera mu Ogasiti 2021 tinapuma, chifukwa munthu wa kumalire ndi Zambia kapena Mozambique ukamubaya lero sudziwa ngati udzamuonanso.

Tsiku la ntchito limayenda chonchi. Ndimadzuka kusanache, kutulutsa ma ice pack, kuwasiya kaye patebulo mpaka ndikawagwedeza madzi azimveka mkati, chifukwa ouma gwa amaundanitsa katemera. Kenako kulongeza m'kabokosi, kumanga ndi mphira pakaliyala, ulendo. Nthawi ya mvula, dambo likadzadza, njinga imakwera iwe. Pa mabotolo a katemera wa ana pamakhala kachizindikiro, kabokosi koyera mkati mwa kabwalo. Kakada kufanana ndi bwalolo, botolo lapsa, sungabaye mwana ngakhale deti lisanakwane.

Tsono botolo la AstraZeneca linali la anthu 10, ndipo ukalitsegula uyenera kulimaliza m'maola 6. Tsiku lina ndinafika pamudzi wina ndipo panabwera anthu atatu okha: agogo aamuna awiri ndi mayi mmodzi wa chifuwa cha mphumu. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango botolo lili m'manja. Ndikatsegula, madozi 7 atayika, mawa lipoti likanena kuti ndikuwononga. Ndikapanda kutsegula, agogo ayenda ndi ndodo ulendo wonsewu pachabe, ndipo sadzabweranso. Ndinatuma mwana kukaitana a mfumu, a mfumu anayenda khomo ndi khomo, tinapeza ena anayi. Ndinatsegula. Atatu anatayika. Mpaka lero sindidziwa ngati pamenepo ndinalakwa kapena ayi.

Wa pa Boma amangodutsa popita kumsika n'kubayitsa. Wa kumudzi amadikira tsiku limene mafuta a njinga yamoto apezeka. Amene amapereka katemera nthawi zambiri ankapereka botolo lokha, ndalama yoliyendetsera inkabwera mochedwa.

Wakabaza wa pa Boda: Adokotala, pamenepo ndagonja. Ndimaganiza kuti mumangokhala pa sikelo kudikira alawansi.

Alangizi a Zaumoyo: Alawansi yake iti, achimwene? Mudzandinyamule ulere tsiku lina ndikakuonetseni.

Aphunzitsi Opuma: Anawa akuona ngati zinayamba ndi Covid. Ma ARV anayamba kupulumutsa anthu ku America ndi ku Ulaya mu 1996. Kuno aulere anayamba mu 2004. Zaka 8 zimenezo ine ndinaika m'manda aphunzitsi anzanga osawerengeka, mabokosi ankakhomedwa usiku ndi usana m'mbali mwa msewu. Mankhwala analipo padziko, mtengo wake unali madola oposa 10,000 pachaka munthu mmodzi. Zinasintha pamene kampani ya Cipla ya ku India mu 2001 inati ipanga pa madola 350 pachaka, ndiponso Global Fund itayamba. Ndiye ndikamva wina akuti za umwini wa kapangidwe ndi nkhani ya maloya, ndimakumbuka mayina a pamitanda.

Make Tadala: Nanga za kolera zija? Ndimakumbuka anatimwetsa kamodzi, pamene kale ankati kawiri.

Alangizi a Zaumoyo: Mwakumbuka bwino. Kolera uja anayamba mu Malichi 2022 ndipo anapha anthu oposa 1,700, sitinaonepo wotere m'dziko muno. Nthawi yomweyo anabukanso m'mayiko ambiri, nkhokwe ya katemera ya dziko lonse inaphwa. Mu Okutobala 2022 oyang'anira nkhokweyo analamula kuti aliyense azimwa dozi imodzi m'malo mwa ziwiri, kuti afikire anthu ambiri. Apa panalibe wolemera wobisa katundu. Katemerayo sankapangidwa wokwanira, basi. Kampani ina ya ku India inasiya kupanga, nkhokwe yonse inatsala pa kampani imodzi ya ku South Korea. Kolera ndi matenda a anthu omwa madzi a pachitsime chosatetezedwa, ndipo amenewo si kasitomala wopatsa phindu.

Mlimi wa Soya: Tsono pamenepa ndi pomwe ine ndimaima. Kampani si tchalitchi. Ngati palibe phindu siipanga. M'malo moitukwana, maboma alonjeze kuti tidzagula mwakuti chaka chilichonse, ngati mmene timachitira ulimi wa kontirakiti. Ine soya ndimadzala wambiri ndikadziwa wogula.

Wa ku Leeds: Apo tagwirizana koyamba lero alamu. Ndi zomwe Gavi imachita kwenikweni, kusonkhanitsa maoda a mayiko osauka kuti fakitale ione msika. Mu Juni 2024 anakhazikitsanso thumba la ndalama zofika madola 1.2 biliyoni lolimbikitsa opanga katemera a mu Africa. Koma Gavi nayo imadalira zopereka. Mu 2025 America inalengeza kuti ikutuluka mu WHO, kenako inati isiya kupereka ndalama ku Gavi. Katemera wambiri wa ana athu pa sikelo amadutsa m'thumba limenelo, boma lathu limangoikapo gawo lochepa.

Bambo a Yankho (Kamwendo): Ndiye kubwerera ku funso langa lija, mawa kukabuka china, tidzaimanso kumapeto?

Wa ku Leeds: Papepala pali kusintha. Mu Meyi 2025 mayiko a mu WHO anavomereza pangano la miliri. Muli mfundo yoti makampani olowa nawo azipatula magawo 20 mwa 100 a zomwe akupanga nthawi ya mliri, theka lake mwaulere, theka pamtengo wotsika, posinthana ndi kuti mayiko azipereka msanga tizilombo tatsopano tikapezeka kwawo. Ndiye kuti zomwe anachita a ku South Africa ndi Omicron zija zizikhala ndi malipiro. America mulibe m'panganomo.

Mjoni: Papepala. Mpox itavuta ku Congo mu 2024, katemera anali m'nkhokwe za mayiko olemera kuyambira kale, koma ku Kinshasa woyamba anafika mu Seputembala, WHO italengeza kale za ngozi mu Ogasiti, ana atafa kale ambiri. Ine ndidzakhulupirira ndikadzaona ndege ikutera Lilongwe mwezi womwewo imene ikutera London.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo asaganize kuti akutichitira chifundo chokha. Mu Febuluwale 2022 ku Lilongwe kunapezeka mwana wopuwala ndi poliyo, Africa italengezedwa kale mu 2020 kuti yathana ndi poliyo wa mtundu umenewo. Atayeza anapeza kuti kachilomboko kanali kochokera ku Pakistan. Mwanayo sanapiteko ku Pakistan. Kachilombo sikadinditsa pasipoti pa Mwami. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, akuluakulu sananene zimenezo chifukwa cha ubwino wa mtima wokha, ankadziwa kuti ndevu zimayandikana.

Make Tadala: Komatu si nthawi zonse timakhala kumapeto. Tadala wanga analandira katemera wa malungo, msuweni wake wa ku Kasungu sanalandire nthawi imeneyo. Amayi ake ankachita kundifunsa kuti mwapereka chiyani inu a ku Mchinji.

Alangizi a Zaumoyo: Eya, pamenepo tinali kutsogolo kwa dziko lonse lapansi. Malawi ndi amene anayamba, pa 23 Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Anasankha maboma 11, Mchinji ili momwemo, ndipo ngakhale m'bomamo si madera onse anayamba limodzi, ena anadikira kuti pakhale pofananitsira. Zotsatira za ana athuwa ndi zimene zinathandiza kuti WHO ivomereze katemerayu mu Okutobala 2021. Koma taonani, atangovomerezedwa, mayiko ambiri anamufuna ndipo anapezeka wochepa, mpaka a WHO anachita kukhala pansi kulemba ndondomeko ya amene ayambe kulandira. Zinapepuka katemera wachiwiri wa malungo, R21, atavomerezedwa mu 2023.

Funso la msuweni wa Tadala ndi lomwe lija la a ku Leeds ndi mayi awo, kungoti lavala chitenje. Ine amayi a mudzi woyandikana ankabwera mwakabisira ndi ana kumbuyo, kunamizira kuti ndi a m'dera langa. Ndinkawadziwa nkhope zawo bwinobwino.

Wakabaza wa pa Boda: Ndiye munkawabweza?

Alangizi a Zaumoyo: Funso limenelo sindiyankha pa gulu.

Mlimi wa Soya: Kkkkkk tamva kale.

Make Tadala: Adokotala, poti mwatchula. Mng'ono wake wa Tadala analandira atatu aja, wa miyezi 5, 6 ndi 7. Wachinayi ndinaiwala, tinali kumunda kukumba mtedza. Pano ali ndi zaka ziwiri ndi mwezi umodzi. Ndachedwa?

Alangizi a Zaumoyo: Wachinayi ndi wa miyezi 22, ndipo ndi amene amayi ambiri amamuphonya, poti mwana akayamba kuthamanga sikelo imaiwalika. Pitani naye pa sikelo ya kwanuko sabata ino, mutenge buku lake la kuchipatala, akaona madeti n'kukuuzani. Sayambiranso poyamba ayi. Neti musasiye, katemerayu amachepetsa malungo koma sawatsekereza onse.

Make Tadala: Bukulo linanyowa ndi mvula, masamba ena anamatana.

Alangizi a Zaumoyo: Bwerani nalo chomwecho, musayese kulimatula, mungang'ambe pamene pali madeti. Zina tikazipeza m'kaundula.

Wakabaza wa pa Boda: Make Tadala, ngati ndi Lachinayi ndidzera konko, ndili ndi katundu wa ku Kamwendo. Mwana ulere, inu mulipira.

Bambo a Yankho (Kamwendo): Ukafika udzaime pagolosale. Mtchatho uja sindinaupezebe, mayi a Yankho akuti ndiyang'anenso m'sutikesi ina.